Chilaka cha fodya ndi njovu ya ku Chifunda, munthu mmodzi sangaipirikitse

Mukamapita ku ntchito ndi basi ya mu Great East Road, ponyani maso pa siteshoni ya UNZA, kapena pa tuntemba ta m'njira zolowa mu Kalingalinga kumene ophunzira ambiri amachita lendi. Mudzaona anyamata, masiku ano ndi atsikana omwe, chola cha mabuku kumsana, mushanga pachala. Mu basi mawu amakhala awiri chabe. Wina amati, “Aba ndiye ma graduate batu ba mailo? Makolo bavutika kumunzi, beve bashoka chabe ndalama.” Wina amayankha, “Basiyeni, ni bakulu, mapapo ni yao.” Kondakitala akafunsa kuti “Manda Hill ilipo?”, nkhani yathera pomwepo.

Ine ndikana mawu onse awiri. Kunyoza sikuleketsa munthu fodya, ndipo kumutaya kuti adzionere yekha sikuthandiza. Chimene ndifuna kukamba lero ndi chimodzi: wophunzira sayamba fodya yekha, ndipo nkovuta kuti aleke yekha. Mankhwala ake oyamba si a mu botolo ayi, koma anthu: anzake a m'chipinda, amalume amene amusunga, nesi wa ku kiliniki, inu ndi ine.

Kuti timvane bwino, tiyeni tichokeko mu Lusaka pang'ono, tione kumene ena mwa ana awa achokera. Ku boma la Chama, m'chigwa cha Luangwa, kuli dziko la a Mfumu Chifunda. Ndi kwa Asenga, m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa, moyang'anana ndi nkhalango ya North Luangwa imene ili kutsidya. Kuti ufikeko kuchokera kuno, uyenda makilomita oposa 500 kufika ku Chipata, ukwere ina ya ku Lundazi, ndiye utsike m'chigwa ndi msewu wafumbi umene nthawi ya mvula umavuta koopsa. Boma la Chama linachotsedwa ku chigawo cha Kum'mawa mu 2011 kupita ku Muchinga, nkubwezedwanso mu 2021, koma mtunda sunachepe. Mpunga wa Chama umene timaupikisana mu City Market ndi mu Soweto ndiwo thukuta la anthu a kumeneko.

Tsopano ganizirani mwana wa kumeneko amene wakhoza giredi 12 ndipo wapeza malo pa yunivesite mu Lusaka, mu Kitwe kapena mu Kabwe. Amayi ake agulitsa matumba a mpunga kuti apeze ya basi. Mudzi wonse wamuperekeza ndi maso. Afika mu tauni sadziwa munthu, chinyanja cha mu Lusaka chimuthamangira, tulo agona pa bedi ya mnzake, ndipo kwawo sangapiteko mpaka chaka chitatha. Usiku wina mayeso ali pafupi, njala ili m'mimba, mnzake amupatsa mushanga nati, “Koka, mwana, izakuchosa tulo na maganizo.” Si utsi umene mwana uja walandira. Walandira chibwenzi, malo oimirirapo, anthu omuitana dzina. Amene afuna kumuleketsa fodya ayenera kudziwa kuti akumulanda zonsezi, ndipo ayenera kubwera ndi china m'manja.

Wina angafunse kuti bwanji kuvutika ndi ophunzira pamene madala ambiri akoka balani m'makomboni. Kafukufuku wa boma wa STEPS wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi mwamuna mmodzi mwa anayi alionse m'Zambia akoka fodya, ndiye vuto lili ponseponse. Koma zaka za pa koleji ndizo mphambano. Ambiri okoka fodya amayamba asanafike zaka 18, ndipo ndi ochepa kwambiri amene amayamba atapyola zaka 26. Pakati apa ndi pamene wa mushanga umodzi pa Chisanu amasanduka wa paketi pa tsiku. Madokotala a ku Britain, Richard Doll ndi anzake, anatsatira madokotala anzawo kwa zaka 50, kuyambira mu 1951 mpaka 2001. Anapeza kuti wokoka fodya moyo wake wonse amataya pafupifupi zaka 10, koma woleka ali ndi zaka za m'ma 30 amazipulumutsa pafupifupi zonse. Mtengo amauongola ukali waung'ono. Wophunzira wa zaka 21 akaleka lero, ndiye kuti wathawa nyumba isanagwire moto.

Nanga nchifukwa chiyani kuleka kuvuta? M'fodya muli nikotini. Ukakoka, afika ku ubongo m'masekondi ochepa, mofulumira kuposa kondakitala kukupatsa chenji. Koma sakhalitsa. Pakapita maola awiri, theka lake lachoka m'magazi, ndipo thupi liyamba kudandaula: mtima uli m'mwamba, mutu sugwira, aliyense akukwiyitsa. Ukakokanso umva bwino, nkumati fodya wachotsa nkhawa. Zoona zake nzakuti fodya wachotsa nkhawa imene wabweretsa yekha. Ali ngati ng'wang'wazi amene watseka njira ya basi, ndiye afuna umulipire kuti aitsegule. Mu 2014 magazini ya madokotala ya BMJ inasonkhanitsa zofufuza zambiri nipeza kuti anthu amene analeka fodya, pakapita masabata angapo, nkhawa ndi kuvutika maganizo zinachepa poyerekeza ndi amene anapitiriza. Ophunzira ayenera kumva zimenezi, chifukwa bodza la “fodya ithandiza kubelenga” ndilo liwagwira kwambiri.

Apa ndi pamene a ku Chifunda angatiphunzitse. M'chigwa cha Luangwa, mbewu zikayamba kucha, njovu zimabwera m'minda usiku. Alimi a kumeneko adziwa zinthu zitatu. Njovu ili ndi nthawi yake ndi njira zake. Njovu siikhala mpaka kalekale: mukaisokosera, mukasonkha moto, mukafukiza tsabola, imapita. Ndipo palibe wanzeru amene amalonda munda yekha. Chilaka cha fodya ndi chimodzimodzi. Chili ndi nthawi zake: ukangouka, ukatha kudya nsima, ukatuluka m'kalasi, ukagwira botolo la mowa. Chikabwera chimakhala ngati chikupha, koma chimatha m'mphindi zochepa, ukoke usakoke. Masiku atatu oyamba mpaka sabata ndiwo oipitsitsa, ndipo pakatha masabata awiri mpaka anayi thupi limayamba kukhazikika. Ndiye nkhondo yake si ya chaka chonse nthawi imodzi ayi. Ndi ya mphindi zisanu, kubwerezabwereza, uli ndi anzako pafupi.

Choyamba, wofuna kuleka asankhe tsiku, lisapitirire masabata awiri kutsogolo, ndipo lisakhale mkati mwa mayeso. Auze anthu: mnzake wa m'chipinda, a ku tchalitchi kapena ku mzikiti, ndi makolo kumudzi ngati adziwa kale. Usiku wa tsikulo lisanafike ataye zonse, machesi ndi laita yomwe. Lamulo likhale limodzi: ngakhale kukokako kamodzi, iyai. Ambiri amagwa ndi mawu akuti “nipaseko chabe ka half.”

Chachiwiri, adziwe njira za njovu yake nkuzitseka. Ngati amakokera pa kantemba kena, kwa mwezi umodzi azungulire kwina. Ngati ndi pa mowa, aupumuleko mwezi woyamba, chifukwa mowa ndiwo umatsegula chipata. Pali chinanso chimene ambiri sadziwa. Utsi wa fodya umachititsa chiwindi kuchotsa khofi m'thupi mofulumira. Munthu akaleka fodya koma nkupitiriza kumwa khofi ndi ma energy drink monga kale, amanjenjemera, tulo osabwera, nkumati ndi kusowa fodya. Achepetse khofi ndi theka, aona kusintha.

Chachitatu, chilaka chikafika, asakhale pansi kulimbana nacho. Aimirire, amwe madzi pang'onopang'ono, apume mozama kangapo, ayende mwachangu. Zofufuza zaonetsa kuti kuyenda kapena kuthamanga ngakhale mphindi khumi kumachepetsa chilaka nthawi yomweyo. Wa pa UNZA ali ndi ku Goma, malo aulere oyendako. Pakamwa ndi zala zikasowa chochita, nshawa zokazinga, mzimbe kapena chingamu zigwira ntchito, ndipo mtengo wake ndi womwewo wa mushanga.

Chachinayi ndi foni. Ku Britain kunachitika kafukufuku wotchedwa txt2stop, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2011. Anthu pafupifupi 5,800 ofuna kuleka anawagawa pawiri. Ena amalandira mameseji olimbikitsa ndi olangiza, ena amalandira mameseji wamba. Patapita miyezi isanu ndi umodzi, mwa olandira chilimbikitso pafupifupi 11 pa 100 anali ataleka, pamene mwa enawo anali 5 chabe. Meseji chabe, popanda piritsi lowonjezera, inawirikiza kawiri. Manje wophunzira uti alibe WhatsApp? Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi apange gulu. Wina chikamugwira pakati pa usiku, alembe liwu limodzi: “Yabwela.” Amene ali maso amuimbire, amuseketse mpaka ipite. Uko ndiye kulonda munda.

Wina asaone ngati za gulu ndi nkhani za kumudzi chabe. Mu 2008 Nicholas Christakis ndi James Fowler anafalitsa zimene anapeza potsatira anthu oposa 12,000 a ku Framingham ku America kwa zaka zoposa 30. Anaona kuti anthu amaleka fodya m'magulumagulu. Mnzako akaleka, mpata wakuti iwe upitirize kukoka umatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Akaleka mkazi kapena mwamuna wako, umatsika koposa apo. Matendawa amapatsirana, koma kuchira nakonso kumapatsirana.

Chachisanu ndicho ndichikonda kwambiri, chifukwa ndi chathu: chilimba. Amayi a m'misika adziwa kuti ndalama imene uli nayo wekha imasungunuka, koma imene anzako akuiyang'ana imakhala. Ku Philippines, pa chilumba cha Mindanao, akatswiri a zachuma Xavier Giné, Dean Karlan ndi Jonathan Zinman anayesa njira yofanana. Wofuna kuleka amaika ndalama zake mu banki kwa miyezi isanu ndi umodzi. Pamapeto amamupima mikodzo. Akapezeka kuti waleka, ndalama zake zimabwerera. Akapezeka akali kukoka, zimapita ku ntchito zachifundo. Amene anapatsidwa mwayi umenewu analeka ochulukirapo kuposa amene sanaupatsidwe, ndipo kusiyanako kunalipobe patatha chaka. Ophunzira athu angachite zomwezo ndi mobile money. Tiyerekeze kuti mushanga ndi K2 ndipo munthu akoka isanu pa tsiku. Ndi K10 pa tsiku, K300 pa mwezi, K3,650 pa chaka. Gulu lisonkhe ndalama imeneyo tsiku ndi tsiku kwa msungichuma wosakoka. Wolimba mpaka kutha kwa temu atenga zake. Wogwa, za sabata imeneyo zigula ndiwo za gulu. Mwana wa ku Chifunda awerengere yekha kuti K3,650 ndi matumba angati a mpunga amene amayi ake anapuntha ndi manja.

Chachisanu ndi chimodzi, musalande popanda kupatsa. M'chigwa chomwecho cha Luangwa, bungwe la COMACO, lija ligulitsa mpunga wa Chama ndi chiponde m'dzina la It's Wild!, linazindikira kuti kumanga wopha nyama mozemba sikukwanira. Linayamba kuwaphunzitsa ulimi ndi kuweta njuchi, nkumagula zokolola zawo, ndipo ambiri anapereka okha mfuti ndi misampha. Munthu amataya chakale akagwira chatsopano. Wophunzira amene anzake onse ali pa kona yokokera afunika kona ina: timu ya mpira, kwaya, gulu lowerengera limodzi, kabungwe ka ana a ku Chama ndi Lundazi kokumana pa Sondo kuphika nsima ndi kukamba chakwawo. Kusungulumwa ndiko kunamupatsa mushanga woyamba. Mukachotsa fodya nkusiya kusungulumwa, abwerera.

Masukulu nawonso ali ndi mbali yawo, ndipo siifuna ndalama zambiri. Zambia inavomereza pangano la bungwe la WHO loletsa kufala kwa fodya mu 2008, ndipo chaka chomwecho panatuluka lamulo, Statutory Instrument nambala 39, loletsa kukoka fodya m'malo a anthu onse. Ndipempha akuluakulu a UNZA, Copperbelt University, Mulungushi, Evelyn Hone ndi ena kuti lamuloli lizimveka mpaka m'makonde a mahositelo, chifukwa woleka dzulo sangalimbe ngati utsi ulowa pansi pa chitseko chake. Ndipemphanso kuti aliyense wofika pa kiliniki ya sukulu, kaya ndi malungo kaya ndi chilonda, azifunsidwa kuti, “Kodi mukoka? Mufuna kuleka?” Mu July 2024 WHO inatulutsa malangizo ake oyamba othandizira akuluakulu kuleka fodya, ndipo pakati pake pali uphungu wachidule wa masekondi 30 mpaka mphindi zitatu. Mphindi zitatu! Ndi nthawi yochepa kuposa imene timaima pa maroboti. Mabungwe a ophunzira monga UNZASU, ndi wailesi ya UNZA Radio, asadikire 31 May, tsiku lokumbukira kuipa kwa fodya padziko lonse, kuti akambe nkhaniyi kamodzi pa chaka.

Ndisanamizire kuti mankhwala alibe ntchito. Malangizo omwewo a WHO ati zomata pakhungu, chingamu cha nikotini ndi mapiritsi ena zimathandiza, ndipo zithandiza koposa zikaphatikizidwa ndi uphungu. Amene akoka paketi pa tsiku, amene wayesa kangapo nkulephera, kapena amene maganizo amulemera kwambiri, apite kwa dokotala. Koma tikambe zoona: wophunzira amene adikira ndalama ya chakudya ya boma, ija inachotsedwa mu 2019 nkubwezedwa mu 2023, sangayambire ku famase. Tisamuuze kuti popeza alibe ya mankhwala, alibe chochita. Ndipo asanamizidwe kuti shisha kapena vape ndiye njira yothawira. Shisha ndi fodya yemweyo wothira fungo la zipatso, ndi utsi wa malasha pamwamba. Ma vape ambiri ali ndi nikotini yemweyo. Kwa mwana wofuna kumasuka, kumeneko ndi kuchoka m'basi yodzaza kulowa ina yopita komweko.

Ena adzati, “Nanga alimi a fodya a ku Chipata ndi Lundazi adya chiyani? Nanga wogulitsa mishanga?” Funso ndi labwino, ndipo nkhani ya mbewu zina zolowa m'malo mwa fodya iyenera kukambidwa payokha. Koma sindinamvepo mlimi wa fodya akupemphera kuti mwana wake amene wamutumiza ku yunivesite akhale kasitomala. Wa kantemba naye sataya kanthu ngati K2 ya mushanga yasanduka K2 ya nshawa. Ena adzati ndi ufulu wa munthu. Inde, ndipo palibe amene akuti timumange. Koma funsani okoka okha: ambiri adzakuuzani kuti afuna kuleka ndipo anayesapo. Ufulu wotani umene ukuutsa usiku kukagogoda pa kantemba kotseka? Ndipo utsi suima pa mphuno ya mwini wake. Umafika kwa mnzake wa m'chipinda, mailo kwa mkazi ndi ana. M'dziko limene TB ikali kutivuta, tikumbuke kuti fodya amawonjezera mpata wodwala TB, ndipo a ku Cancer Diseases Hospital ali kale ndi mizere yaitali.

Tsopano kwa inu amalume, azakhali ndi akulu amene musunga ana awa m'nyumba zanu ku Mtendere, ku Chawama, ku Matero. Mukamva fungo pa jekete, musayambe ndi kukuwa kapena kuimbira foni kumudzi kuti achite manyazi. Mwana wochititsidwa manyazi saleka, amangophunzira kubisa. Mukhale naye pansi mumufunse, “Mphwanga, unayamba liti? Chikuvuta nchiyani? Ufuna tikuthandize bwanji?” Mwina mudzapeza kuti vuto ndi njala, kapena kosi imene yamukanga, kapena kuopa kukhumudwitsa mudzi wonse umene ukumuyembekeza. Sabata yoyamba akaleka adzakhala waukali ngati mavu. Mupirireni, si mwano, ndi nikotini akutuluka. Ngati inunso mukoka, lekani naye pamodzi, ndipo palibe uphungu woposa umenewo.

Akagwa, musamuweruze kuti ndi wolephera. Mwa anthu 100 oyesa kuleka popanda thandizo lililonse, pafupifupi anayi okha ndiwo amapambana pa ulendo umodzi, ndipo ambiri amene analeka anayesa kangapo. Njovu ikalowa m'munda usiku umodzi, mlimi satentha munda wonse. M'mawa amayang'ana pamene yalowera, atseke, usiku alondenso. Mufunseni kuti wagwera pati, pa mowa, pa mayeso kapena pa mkangano, ndiye musankhe naye tsiku lina.

Phindu silichedwa. Pakangotha mphindi 20 munthu ataleka, kugunda kwa mtima kumatsika. Pakatha maola 12, mpweya woipa wa utsi m'magazi wabwerera pa mlingo wake. Pakati pa masabata awiri ndi khumi ndi awiri, magazi ayenda bwino ndipo mapapo ayamba kulimba. Pakatha chaka, chiopsezo cha matenda a mtima chatsika ndi theka poyerekeza ndi wokoka. Zonsezi zichitika mwana asanavale ndi gauni yomwe.

Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Dziko la a Chifunda, monga madera ambiri akutali, lifunika ana ake abwereko ali aziphunzitsi, anesi, a zaulimi ndi a zamisewu, ndipo akhale ndi moyo wautali wogwira ntchitoyo. Ngati m'nyumba mwanu, m'tchalitchi mwanu kapena mu foni yanu muli wophunzira amene akoka, mufunseni sabata ino ngati afuna kuleka. Akavomera, mupatseni nambala yanu, mumuuze kuti, “Ikabwela, olo ni usiku, nitumile.” Ndipo akatuma, muyankhe.